GOLIDE NDI CHIGWA CHA SHIRE

Palibe liu limene limamveka kaŵirikaŵiri pa misika ya ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje loposa liu lakuti "ndalama". Msodzi wa ku Chiromo amalitchula, mlimi wa thonje amalitchula, ngakhale mwana wamng'ono amalidziŵa asanaphunzire kulemba dzina lake. Koma ndi anthu oŵerengeka okha amene amadziŵa kuti kalekale, makobiri asanafike kuno, anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi akati "ndalama" ankanena golide. Mpaka lero m'Chishona liu lakuti "ndarama" limatanthauza golide, ndipo akatswiri ambiri a zinenero amati gwero lake ndi "dirham", dzina la khobidi la Aluya amene ankabwera kudzagula golideyo.

Chodabwitsa n'chakuti m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje simunatsegulidwepo mgodi waukulu wa golide ndi kale lomwe. Nthaka ya m'chigwa cha Shire ndi ya makande ndi mchenga umene madzi akhala akutsitsa kuchokera kumapiri, ndipo imabereka thonje, mapira, mpunga ndi nzimbe. Komabe ndi madera ochepa m'Malaŵi amene golide anaŵasautsa ndi kuŵasintha monga anachitira ndi chigwa chimenechi. Golide wa eni ake, wokumbidwa kutali, ndiye anakokera alendo amfuti pakhomo pa Amang'anja. Ndiye anapezera msika nsalu zao. Ndipo pambuyo pake ndiye anatenga ana ao aamuna kunka nao ku Joni.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kuyamba ndi khalidwe la golide mwini wake. Golide amabadwira m'mitsempha ya miyala yoyera ya m'mapiri. Mvula ndi dzuŵa zikaphwanya miyalayo, madzi amakokolola timibulu take nkutitsitsira m'mitsinje. Popeza golide amalemera kasanu n'kaŵiri kuposa mchenga wofanana naye kukula, sapita kutali ndi madzi: amamira msanga, nakhazikika pokhota mtsinje, kuseri kwa miyala ikuluikulu ndi m'ming'alu ya thanthwe. Wofuna golide amatapa mchenga wa pamalo otere m'mbale yamtengo, naimiza pang'ono m'madzi, nayamba kuizunguza ndi kuigwedeza monga achitira mai popeta mphale m'lichero. Mchenga wopepuka umatayikira kunja, pansi pa mbale nkutsala mchenga wakuda, ndipo mwa apo ndi apo pamaoneka timadontho tachikasu. Zonyezimira zina zimanyenga maso, koma golide weniweni ukamsinja ndi nyundo amangophwatalala, pamene miyala yomtsanzira imanyenyeka. Luso limeneli anthu a ku Africa anali nalo Azungu asanaponde kuno.

Cha m'ma 916, Mluya wina wolemba mbiri, dzina lake al-Masudi, anayenda m'mbali mwa nyanja yamchere ya kum'maŵa kwa Africa, ndipo analemba za dziko la Sofala kuti linali lotchuka ndi golide. Golideyo ankachokera kumtunda, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, ndipo analemeretsa mizinda ya Great Zimbabwe ndi Kilwa. M'zaka za m'ma 1400 mphamvu zinasunthira chakumpoto, mu ufumu wa Mwene Mutapa, ndipo amalonda Achisilamu anayamba kukwera ndi mtsinje wa Zambezi, namanga misika ku Sena ndi ku Tete. Mzinda wa Sena uli pafupi ndi malire a boma la Nsanje, chakumtunda pang'ono kwa mathiriro a Shire. Kuyambira pamenepo chigwa cha Shire chinasanduka khomo loyang'anana ndi mseu waukulu wa golide.

Apwitikizi anamanga linga ku Sofala m'chaka cha 1505, ndipo pofika cha m'ma 1530 ena mwa iwo anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete. Kugula golide kwa eni ake sikunaŵakwanire. Ankafuna migodi yeniyeniyo. Chifukwa choyambira nkhondo anachipeza m'chaka cha 1561, pamene wansembe Gonçalo da Silveira anaphedwa kulikulu la Mwene Mutapa. M'chaka cha 1569 mfumu Sebastião ya ku Portugal inatumiza Francisco Barreto ndi asilikali pafupifupi 1,000 kuti akalande migodi. Gululi linafika ku Sena kumapeto kwa 1571. Kumeneko malungo anayamba kupulula anthu, ndipo akavalo ankafa tsiku ndi tsiku. Posadziŵa za udzudzu ndi kashembe, Apwitikiziwo ananamizira amalonda Achisilamu a pa Sena kuti athira chiphe m'madzi ndi m'msipu, naŵapha mwankhanza yosaneneka. Barreto anamenya nkhondo ndi anthu a ku Mongas m'chaka cha 1572, koma mgodi sanauone ndi maso. Anamwalira ku Sena komweko m'chaka cha 1573.

Amene analoŵa m'malo mwake, Vasco Fernandes Homem, anadzera njira ya ku Sofala nafika ku Manica m'chaka cha 1575. Anthu ake ankayembekeza kuti akatola golide m'matumba monga atolera masuku patsinde. Zimene anaona ndi maenje opapatiza, amuna ndi akazi akutuluka ndi dothi m'timbale, kusinja miyala ndi kutsuka mchenga tsiku lathunthu kuti apeze fumbi lochepetsetsa. Homem anazindikira kuti popanda makina ndi antchito ochuluka, kugula golide ndi nsalu kunali kwaphindu kusiyana ndi kumkumba, ndipo anabwerera. Phunziro limeneli lakhala likubwerezedwa m'mibadwo yonse yotsatira, koma mbadwo uliwonse umafuna kudzionera wokha.

Panthaŵiyi chigwa cha Shire chinali m'manja mwa Lundu, mmodzi mwa mafumu akuluakulu a Amaraŵi. Kukhazikika kwa Apwitikizi pa Zambezi kunasokoneza malonda a minyanga ya njovu amene mafumu a kuno ankachita ndi Asilamu. M'chaka cha 1592 ankhondo otchedwa Azimba, amene olemba mbiri ambiri amati anali a Lundu, anagonjetsa Apwitikizi napha akapitao a malinga onse aŵiri, André de Santiago wa ku Sena ndi Pedro Fernandes de Chaves wa ku Tete. Gulu lina limene linabwera kudzalipsira m'chaka cha 1593 linabwerera chimanjamanja. Mphamvu za Lundu zinathyoka m'chaka cha 1622, pamene mfumu Muzura inamthira nkhondo mothandizidwa ndi Apwitikizi omwewo.

Ngakhale zinali chomwecho, Amang'anja wamba anapeza njira yao yodyera nao chuma cha golide popanda kuloŵa m'dzenje. Iwo anali alimi a thonje, oomba nsalu, ophika mchere ndi osula makasu. Nsalu zao zolimba, zotchedwa machira, zinkafunidwa kwambiri kutsidya kwa Zambezi, m'dziko la Akaranga. Amalonda a ku Sena ndi ku Tete ankagula machira, nakaŵasinthanitsa ndi golide pa misika ya kumtunda, pamodzi ndi mikanda ndi nsalu za ku India. Motero thonje lolimidwa m'madimba a Shire linkakasanduka golide ku Dambarare ndi ku Manica, golideyo nkuoloka nyanja kunka ku Goa. Wokumba ankaika moyo wake pachiswe m'dzenje. Woomba nsalu ankagona m'nyumba mwake, nkhokwe iri pakhomo.

Nao eni migodi anafika pozindikira kuti golide ndi mlendo wodza ndi kalumo kakuthwa. M'chaka cha 1607 Mwene Mutapa Gatsi Rusere, atapanikizidwa ndi adani, anapereka migodi ya m'dziko lake kwa Apwitikizi kudzera mwa Diogo Simões Madeira, kuti amthandize pankhondo. Madeira anataya zaka zambiri akufunafuna siliva ku Chicoa, ndipo m'chaka cha 1616 anatuma Gaspar Bocarro ndi zitsanzo za miyala. Bocarro anayenda pansi kuchokera ku Tete, nadutsa m'dziko la Amaraŵi, naoloka Shire, nakafika ku Kilwa; zimene analemba za ulendowo ndi zina mwa nkhani zakale kwambiri zofotokoza dziko limene lero ndi Malaŵi. Koma mgodi wa siliva wa ku Chicoa sunaoneke. Pofika 1667 wansembe Manuel Barreto analemba kuti mafumu ang'onoang'ono a kutsidyako ankaletsa anthu ao kukumba golide, chifukwa mbiri ikangomveka, Apwitikizi ankabwera kudzatenga dzikolo ndi kugwiritsa eni ake ntchito yakalavulagaga.

M'chaka cha 1693 Changamire Dombo anaononga msika wa Dambarare, napirikitsa Apwitikizi kumtunda konse kwa kumwera kwa Zambezi. Pamenepo maso ao anatembenukira kumpoto, m'dziko la Acheŵa a Undi, kuseri kwa mapiri amene ali kumadzulo kwa Chikwawa ndi Mwanza. Cha pakati pa zaka za m'ma 1700 golide anapezeka m'malo monga Mano, Java, Machinga ndi Missale, kumpoto kwa Tete. Uku ndiko kunali kuthamangira golide koyamba m'dziko la anthu olankhula Chicheŵa. Apwitikizi ndi Amwenye a ku Goa ankapempha malo kwa mfumu ndi mphatso ya nsalu ndi mikanda, nafika ndi akapolo mazanamazana. Ntchito yokumba ndi kutsuka mchenga inali ya akazi, m'magulu oyang'aniridwa ndi mkazi mnzao wotchedwa nyakoda. Amuna, amene anali Achikunda, ankalondera msasa, kusaka njovu ndi kuyenda malonda. Francisco de Lacerda m'chaka cha 1798, ndiponso António Gamitto m'chaka cha 1831, anadzera m'migodi imeneyi pa maulendo ao a kwa Kazembe.

Undi analandira nsalu, koma anataya dziko. Misasa ya golide inasanduka timaufumu ta alendo, tokhala ndi mfuti zao ndi malamulo ao. Achikunda ankapha njovu osapereka mnyanga wa pansi kwa mwini dziko, ndipo mafumu ang'onoang'ono anayamba kuchita malonda mwa okha, osadzeranso kulikulu. Banja la a Pereira, limene kholo lake Gonçalo Caetano Pereira anachokera ku Goa kudzafuna golide, linakula mphamvu mpaka kukhazikitsa ufumu wa Makanga pakati pa dziko la Acheŵa. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

David Livingstone atafika ku Tete m'chaka cha 1856 anapeza ntchito ya golide itazilala. Anauzidwa kuti kale amalonda a pamenepo ankapeza mapaundi 130 a golide pachaka, koma tsopano ankangopeza mapaundi 8 kapena 10. Anthu akumidzi ankabwera ndi fumbi la golide m'mapesi a nthenga za tsekwe, nthenga imodzi naigulitsa ndi mayadi 24 a nsalu. Analembanso kuti ena akapeza kachibenthu kokulirapo ankakakwiriranso, poganiza kuti ndiyo mbeu ya golide. Chimene chinapha migodi sikutha kwa golide kokha ai. Malonda a akapolo opita kutsidya kwa nyanja atakwera mtengo, eni misasa anaona kuti kugulitsa munthu kunkabweretsa phindu msanga kuposa kudikira fumbi la m'mbale, ndipo anagulitsa antchito ao omwe mpaka kusoŵa woŵakumbira ndi woŵateteza.

Akapolo a pakhomo atatha, osaka anthu analoŵa m'chigwa cha Shire. Livingstone pokwera mtsinjewu m'chaka cha 1859 anaona midzi yodzaza ndi anthu, minda ya thonje manga ndi thonje kaja, amuna akupota ulusi ndi kuomba nsalu pabwalo, ng'anjo zikufuka utsi. Koma Paul Mariano, amene anthu anamutcha Matekenya, anali atamanga kale linga lake chakunsi kwa mtsinje, ndipo magulu a ku Tete ankaoloka mapiri kudzagula ndi kugwira anthu. Chilala cha 1862 ndi 1863 chinapeza anthu atathaŵa m'minda mwao. Livingstone pobweranso kumayambiriro kwa 1863 anapeza midzi iri zii, mitembo ikuyandama pa Shire. Malonda amene anayamba ndi fumbi lachikasu anathera pa goli la kapolo.

M'zaka zomwezo dziko lonse lapansi linali litagwidwa ndi malungo a golide. Pa 24 Januwale 1848 James Marshall anatola golide mu ngalande ya pamalo ochekera matabwa ku California, ndipo anthu zikwi mazanamazana anakhamukira kumeneko. Ku Australia zinachitika m'chaka cha 1851. Kumwera kwa Africa, Mjeremani Karl Mauch analengeza m'chaka cha 1867 kuti waona migodi yakale kumpoto kwa Limpopo. Golide anapezeka ku Pilgrim's Rest m'chaka cha 1873, ndipo m'chaka cha 1886 anatulukira mwala wa golide wa ku Witwatersrand, pamene pamangidwa mzinda wa Johannesburg. Azungu ambiri anakhulupirira kuti dziko la Ofiri, kumene Baibulo limati mfumu Solomo inkatenga golide, linali pafupi ndi Zambezi. Mjeremani wina, Carl Peters, anakwera mtsinjewo m'chaka cha 1899 kukalifunafuna, nabwerako ndi buku m'malo mwa mgodi.

Chigwa cha Shire chinakhalanso khomo. Daniel Rankin atasonyeza m'chaka cha 1889 kuti sitima zingaloŵe mu Zambezi podzera pa Chinde, alendo onse opita kumtunda ankadzera pa Port Herald, pamene lero ndi Nsanje, pa Chiromo ndi kwa Katunga. Ena mwa iwo anali osaka miyala. Mbiri inawanda kuti m'dziko la Mpezeni, mfumu ya Angoni, munali golide wosaneneka, ndipo amene anaifalitsa kwambiri ndi wamalonda Carl Wiese. Pa mbiri imeneyi panakhazikitsidwa kampani ya North Charterland Exploration m'chaka cha 1895. Angoni atakana kugonjera alendowo, asilikali ochokera ku Nyasaland anaŵathira nkhondo mu Januwale 1898. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaomberedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, ndipo pafupi ndi pamenepo panamangidwa Fort Jameson, Chipata wa lero. Golide amene anthu anafera uja anapezeka wochepa zedi.

Nalo boma la atsamunda linafufuza m'nthaka ya Nyasaland. Pakati pa 1906 ndi 1909 akatswiri aŵiri, A. R. Andrew ndi T. E. G. Bailey, anayendera dziko lino kuyesa miyala, ndipo kuyambira 1921 ntchitoyi anaipitiriza ndi Frank Dixey. Kumadzulo kwa chigwa cha Shire, cha ku Sumbu ndi m'madera a Lengwe ndi Mwabvi, chimene chinapezeka ndi malasha. Golide anaoneka chakumtunda, m'chigwa cha Lisungwe, mtsinje umene umatsika m'mapiri a Kirk Range m'boma la Neno nkuthira mu Shire. Mtengo wa golide utakwera m'zaka za m'ma 1930, Azungu angapo anakumba ndi kutsuka mchenga kumeneko, koma phindu linali laling'ono ndipo anasiya. M'zaka zomwezo amuna ambiri a kumpoto kwa Nyasaland ankayenda pansi kunka ku migodi ya golide ya Lupa, ku Tanganyika.

Golide amene anagwedeza banja lirilonse m'dziko muno ndi wa ku Joni. Bungwe la eni migodi lolemba anthu ntchito, lodziŵika ndi dzina lakuti Wenela, linayamba kutenga anthu ku Nyasaland m'chaka cha 1903. Ambiri mwa oyambawo anafa ndi chibayo chifukwa cha kuzizira, kotero kuti m'chaka cha 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a maiko otentha a kumpoto. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Njanji yochokera ku Port Herald inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana, wolumikiza Mutarara ndi Sena, unatsegulidwa m'chaka cha 1935. Kuyambira pamenepo sitima yodutsa pa Chiromo, Bangula ndi Port Herald inkanyamula anyamata a maboma onse kunka kumwera, nioloka Zambezi pa Sena pomwe paja Barreto anafera. Ena ankabwerako ndi njinga, wailesi, sutukesi ndi ndalama za malata; ena anasanduka matchona; ena anabwera ndi chifuŵa chosamva mankhwala.

Pofika 1973 Amalaŵi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yobwera ku Blantyre inagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalaŵi 74 anafera pomwepo. Dr. H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu, ndipo m'zaka ziŵiri zotsatira unyinji wa amuna unabwerera kumudzi. Ulendo unayambanso m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la Theba, koma ndi anthu ochepa, ndipo unatheratu m'chaka cha 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Fumbi la miyala limene amunawo anapuma pansi pa nthaka silinathere pomwepo. M'chaka cha 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linavomereza pangano lakuti makampani a golide apereke ndalama zokwana 5 biliyoni za rand zopepesera odwala matenda a m'mapapo, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligaŵe ndalamazo kwa anthu a maiko onse amene anakumba nao, kuphatikizapo Amalaŵi. Ambiri oyenera kulandira anali atatsikira kale kuli chete.

Tsono kumaiko ena, malo amene kale anthu ankapherana chifukwa cha golide asanduka mabwalo a maseŵera. Ku Pilgrim's Rest mudzi wonse unasungidwa monga unaliri kale, ndipo alendo amalipira kuti aphunzire kuzunguza mbale mumtsinje. Kumeneko kunachitikira mpikisano wa dziko lonse wa kutsuka golide m'chaka cha 2005 ndiponso m'chaka cha 2012. Mpikisanowu unayambira ku Tankavaara, m'dziko la Finland, m'chaka cha 1977. Wopikisana amapatsidwa chidebe cha mchenga m'mene oweruza abisamo timibulu toŵerengeka, ndipo amapambana ndi amene watipeza msanga osatayapo. Ku Ballarat, m'dziko la Australia, ana asukulu amatsuka mchenga pa mudzi wachionetsero wa Sovereign Hill, umene unatsegulidwa m'chaka cha 1970. Anthu opuma pantchito amayendayenda m'migodi yakale ndi makina ofufuzira zitsulo pansi, ndipo mwa kamodzikamodzi mwai umaŵagwera: m'chaka cha 1980, pafupi ndi Kingower, munthu wina anafukula chibuma cha golide cholemera makilogalamu 27.

Chimene chasandutsa ntchito yoŵaŵa kukhala chisangalalo ndi zinthu ziŵiri. Choyamba, anthu ameneŵa sadalira mbaleyo kuti adye. Akabwerera chimanjamanja, kunyumba nsima iripo. Chachiŵiri ndi lamulo. M'chigawo cha Victoria, ku Australia, wofuna golide ngakhale moseŵera ayenera kugula chiphaso, kugwiritsa ntchito zida zamanja zokha, kupeŵa mitsinje ndi nkhalango zoletsedwa, ndi kukwirira dzenje lirilonse limene wakumba. Chiphasocho chinayamba m'chaka cha 1855, patangopita miyezi yochepa okumba golide ataukira boma ku Eureka chifukwa cha msonkho wopweteka. Mtendere wa pa mitsinje imeneyo unagulidwa ndi mwazi ndi zaka zambiri za kukonza malamulo.

Kuno kwa Amaraŵi mbale ya golide sinakhalebe choseŵeretsa. M'zaka zaposachedwa anthu zikwizikwi akhamukira ku mitsinje ya kwa Makanjira m'boma la Mangochi, ku Lisungwe, ku Balaka ndi cha ku Nathenje m'boma la Lilongwe, ndipo m'chaka cha 2018 asilikali anachita kukachotsa anthu okumba miyala m'nkhalango ya Namizimu. Kutsidya kwa malire, m'maboma a Macanga, Chifunde ndi Marávia m'chigawo cha Tete, anthu akufukulanso dziko lomwe lija akazi a nyakoda ankatsukamo mchenga zaka 250 zapitazo. Chimene chimaŵatuma ndi njala, kusoŵa kwa ntchito ndi kukwera kwa mtengo wa golide. Maenje osachirikizidwa amagumukira anthu nthaŵi ya dzinja, ana amasiya sukulu, minda imagonera, ndipo phindu lalikulu limapita kwa ogula oyendayenda amene amatulutsa golideyo mozemba. Pofuna kutseka mpata umenewu, m'chaka cha 2021 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera mu Export Development Fund.

Palinso choopsa china chosaoneka ndi maso. Okumba ambiri amathira mankhwala a mercury mumchenga wakuda uja kuti agwire fumbi la golide, kenaka naotcha chosakanizacho pamoto. Utsi wake umaononga ubongo, mitsempha ndi impso za woupuma, ndipo zotsalira zikaloŵa mumtsinje zimakhazikika m'matupi a nsomba, nkufika m'mbale ya munthu amene sanaonepo golide chibadwire. Anthu a ku Minamata, m'dziko la Japan, anapunduka ndi kufa ndi chiphe chimenechi chochokera m'fakitale, matenda ake atadziŵika m'chaka cha 1956, ndipo pangano la maiko loletsa kuchigwiritsa ntchito mwachisawawa, la m'chaka cha 2013, linatchedwa dzina la mzindawo. M'chaka cha 2025 boma la Mozambique linaimitsa zilolezo za migodi m'chigawo cha Manica chifukwa mitsinje inali itasanduka matope ofiira, osamweka ndi osathiririka.

Apa mpamene nkhaniyi ikukhudziranso anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje. Madzi a kwa Makanjira amathira m'nyanja ya Malaŵi, ndipo nyanjayo khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Lisungwe naye amathira mu Shire. Gombe likagumulidwa kumtunda, dothi lake limadzakwirira khwaŵa kumunsi, ndipo mtsinje wosazama suchedwa kusefukira. Anthu amene anaona madzi a mu Januwale 2015 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa tanthauzo lake. Chiphe chikatayidwa kumtunda, amene adzachidye ndi wodya mlamba ndi mphende za m'madambo a Dabanyi ndi Ndindi. Monga zinaliri m'masiku a Barreto, a Matekenya ndi a Wenela, chigwa chingathe kulipira mtengo wa golide amene sichinamkumbe.

Mbiri siiletsa munthu kufuna chuma cha pansi pa nthaka, koma imasonyeza amene anapindula ndi amene analira. Anapindula ndi oomba machira ndi osula makasu, amene anagulitsa ntchito ya manja ao osasiya minda yao. Analira ndi Undi, amene anapereka malo asanaŵerenge mfuti za mlendo. Ndi akazi a ku Mano ndi Missale, amene anakumba golide wa eni. Ndi amasiye a amuna amene anatsikira m'migodi ya ku Joni. Mafumu, makhonsolo ndi makolo a m'madera m'mene golide waonekera ali ndi mafunso omwewo lero: ndani akupatsidwa malo, wagula pa mtengo wanji, dzenje akwirira ndani, ndipo madzi akumwa atsala otani. Ku Ballarat ndi ku Pilgrim's Rest ana amaseŵera m'mitsinje ya makolo ao chifukwa mafunso otere anayankhidwa ndi lamulo losungidwa. Tsiku limene adzayankhidwe m'mbali mwa Lisungwe ndi kwa Makanjira, msodzi wa ku Chiromo adzavuula ukonde wake mopanda nkhaŵa, ndipo mwana wasukulu adzatha kuzunguza mbale mumtsinje kuti aone ndi maso ake chinthu chimene makolo ake anachitcha ndalama.